Anyamata a ku Valdocco ndi Zilembo za Mtovu



Tikamva dzina la Don Bosco, ambiri a ife timaona m'maganizo mwathu wansembe wansangala atazunguliridwa ndi ana pa bwalo la masewera. Chithunzi chimenechi n'choona, koma chimaphimba mbali ina ya moyo wake imene inamudyera zaka zambiri, inamulowetsa m'ngongole, ndiponso inamudanitsa ndi anthu ena amene kale anali abwenzi ake. Wansembe ameneyu anali mwini wake wa nyumba yosindikizira mabuku mumzinda wa Turin, m'dziko la Italy, ndipo manja ambiri amene ankagwira ntchito m'nyumbamo anali a anyamata osauka amene anafika osadziwa luso lililonse. Sabata ino tilowe naye m'nyumba imeneyi, chifukwa muli funso limene silinakalambe: wachinyamata akalowa pa ntchito kuti aphunzire luso, kodi tingazindikire bwanji ngati akuphunzitsidwadi kapena akungodyeredwa masuku pamutu?

Tiyambe ndi mzindawo. M'zaka za m'ma 1840 Turin anali likulu la ufumu wa Sardinia, ndipo ankakula mofulumira. Anthu ake, amene sankafika 120,000 kumapeto kwa zaka za m'ma 1830, anali atapitirira 200,000 pofika 1861. Anyamata ankatsika kuchokera m'midzi ya kumapiri kudzafuna ganyu yomanga nyumba, yonyamula katundu ndi yosesa mwaye m'machumuni, ndipo m'mawa ankaimirira pa msika wa Porta Palazzo kudikira wowalemba. Kwa zaka mazanamazana ku Ulaya, mnyamata wofuna luso ankalowa kwa mmisiri pansi pa malamulo a bungwe la amisiri a ntchito imeneyo. Bungwelo linkanena zaka zophunzira, linkayesa wophunzira akatsiriza, ndipo linkaweruza pakabuka mkangano. Mu 1844 Mfumu Carlo Alberto inathetsa mabungwe amenewa m'dziko lake. Zifukwa zinalipo zomveka, pakuti mabungwewo ankatsekereza anthu atsopano kuti asayambe ntchito zawozawo. Komabe anagwetsa denga lodontha osafolera lina, ndipo mnyamata wa zaka 12 anatsala yekha pamaso pa bwana wake, popanda womulankhulira.

Giovanni Bosco, amene anabadwa mu 1815 ndi kutaya bambo ake asanakwanitse zaka ziwiri, moyo umenewu ankaudziwa ndi manja ake omwe. Ali pa sukulu ku Castelnuovo ndi ku Chieri anaphunzira kusoka kwa telala, anathandizako kwa wosula zitsulo, anagwiranso ntchito m'nyumba yogulitsira khofi kuti apeze pogona. Atadzozedwa unsembe mu 1841, Bambo Giuseppe Cafasso anamutengera kundende za mumzindawo, kumene anapeza anyamata ambiri amene mlandu wawo unayambira pa njala ndi ulova. Mu 1846 anakhazikika ku Valdocco, dera la kunja kwa mzinda, m'kashedi kamene anachita lendi.

Njira yake yoyamba inali yowapezera anyamata malo kwa amisiri a mumzinda, koma ndi pangano lolembedwa. Ena mwa mapangano amenewa alipobe mpaka lero. Lodziwika kwambiri ndi la pa 8 Febuluwale 1852, la mnyamata Giuseppe Odasso ndi kalipentala Giuseppe Bertolino. Mmisiriyo analonjeza kumuphunzitsa ukalipentala kwa zaka ziwiri, kusamutuma ntchito zosakhudzana ndi lusolo kapena zoposa mphamvu zake, kumudzudzula ndi mawu osati kumumenya, ndi kumusiya womasuka Lamulungu ndi masiku ena oyera. Malipiro ankakwera pamene luso likukula: centesimi 30 pa tsiku m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, kenaka 40, ndipo 60 m'chaka chachiwiri. Mnyamatayo analonjeza kumvera ndi kulimbikira. Pansi pa pepalalo anasayina anthu anayi: mmisiri, mnyamata, bambo ake a mnyamatayo ndi Don Bosco, amene anaima pakati pawo monga aimira nkhoswe. Pa mfundo zonsezi, ife timaona kuti yolemera kwambiri ndi ija yoletsa kumutuma ntchito zina. Tonse tikumudziwa mnyamata amene anapita pa galaja kukaphunzira umakaniko, natha chaka chathunthu akutsuka zitsulo ndi kutumidwa kumsika kukagulira abwana ndiwo. Chinyengo chimenechi n'chakale, ndipo Don Bosco anachitchula dzina pa pepala.

Pepala lokha silinakwanire. Ngakhale ankayendera anyamata ake m'kati mwa sabata, sakanatha kukhala m'shopu iliyonse tsiku lonse, ndipo zimene anyamatawo ankamva ndi kuona kumeneko zinkagumula zimene iye ankamanga madzulo. Choncho anaganiza zobweretsa ntchitozo pakhomo pake. Mu 1853 anatsegula kachipinda kosokera nsapato ndi kena ka utelala, ndipo m'chaka chotsatira anayamba kusoka mabuku. Olemba mbiri yake amafotokoza chiyambi chimenechi moseketsa. Akuti anaika pa tebulo mapepala osindikizidwa a kabuku kena, naitana mnyamata mmodzi n'kumuuza kuti kuyambira tsikulo ndi wosoka mabuku, ngakhale mnyamatayo anali asanaonepo mmene ntchitoyo imachitikira. Anapinda mapepalawo pamodzi, mayi ake a Don Bosco, Mayi Margherita, anathandiza ndi singano ndi ulusi, ndipo chikuto anachimata ndi phala la ufa wa tirigu. Atafika podula m'mbali mwa kabukuko panalibe chida, ndipo anakatenga kukhitchini mpeni wokhota ngati mwezi umene mayiwo ankadulira anyezi. Anyamata anaseka, koma kabuku kanatuluka. Ukalipentala unatsatira mu 1856.

Kusindikiza kunachedwa chifukwa kunkafuna ndalama zambiri ndi chilolezo cha boma, koma kunali pamtima pake kuyambira kale. Mu 1848 ufumuwo unapereka ufulu wosindikiza, ndipo manyuzipepala ndi timabuku tambirimbiri tinasefukira m'misewu, tambiri mwa ito totsutsa Mpingo. Mu Malichi 1853 Don Bosco, mothandizana ndi Ambuye Luigi Moreno, episkopi wa dayosizi ya Ivrea, anayamba kutulutsa timabuku totsika mtengo totchedwa Letture Cattoliche, tating'ono tokwana m'thumba, tolembedwa m'chilankhulo chosavuta kuti mlimi ndi wantchito amve. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankalipira osindikiza ena. Chilolezo chokhala ndi makina akeake chinaperekedwa pa tsiku lomaliza la 1861, ndipo ntchito inayamba mu 1862 ndi makina akale opukusa ndi manja, ogulidwa kwa amene anali atawagwiritsa kale ntchito. Atasamutsira timabuku tija ku Valdocco panabuka mkangano wa mwini wake weniweni wa timabukuto, umene unatha zaka zingapo, ndipo ubwenzi wake ndi Ambuye Moreno sunabwererenso mwakale. Tinenenso pano, kuti tisamupatse ulemu wa wina, kuti iye sanali woyamba. Ku Brescia, wansembe Lodovico Pavoni anatsegula mu 1821 nyumba yophunzitsa anyamata osauka ntchito zamanja, ndipo sukulu yake yosindikiza imawerengedwa kuti ndi yoyamba m'dziko la Italy.

Kuti timvetse chimene mnyamata ankaphunzira, tiiwale kaye kompyuta. Masiku amenewo chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, kopangidwa ndi mtovu wosakaniza ndi zitsulo zina ziwiri zoulimbitsa. Tizitsuloti tinkakhala m'thabwa lalikulu logawidwa timabokosi, chilembo chilichonse m'kabokosi kake. Wosanja zilembo ankagwira m'dzanja lamanzere kachitsulo konga kangalande, ndipo ndi dzanja lamanja ankatola chilembo chimodzichimodzi n'kumachiika m'menemo. Mmisiri wozolowera sankayang'ana m'timabokosi. Dzanja linkadziwa lokha kumene kuli chilembo, ndipo chala chinkamva kamzera kolembedwa m'mbali mwa kachitsuloko, kamene kankamuuza ngati kaima bwino. Zilembozo zinali zotembenuka monga momwe zimaonekera pa galasi, ndipo wosanja ankaziwerenga zili chadodolido, kotero kuti b, d, p ndi q zinkasokoneza wophunzira aliyense kwa miyezi. Mzere ukatsala pang'ono kudzaza, ankalowetsa pakati pa mawu tizitsulo topyapyala topanda chilembo kufikira mzerewo utathina bwinobwino. Mzere wolobodoka unali tsoka, chifukwa pokweza tsamba lonse zilembo zinkakhuthukira pansi, ndipo ntchito ya tsiku lathunthu inkasanduka mulu wa tizitsulo.

Tsamba likatha ankalimanga ndi chingwe, n'kusindikiza pepala limodzi loyesera kuti wowerenga apeze zolakwa, ndipo chilembo chilichonse cholakwika chinkazulidwa ndi kachitsulo kosongoka. Kenaka pankabwera ntchito yofuna mutu. Buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi. Chipepala chachikulu chimodzi chinkanyamula masamba 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse, ena atayang'ana kumwamba ena pansi, kuti chikapindidwa katatu masambawo atsatane bwino kuyambira loyamba mpaka lomaliza. Kuika tsamba limodzi pa malo olakwika kunali kuononga mapepala zikwizikwi. Woyendetsa makina naye anali ndi zake: kusamala inki kuti isachuluke kapena kuchepa, ndi kumata timapepala topyapyala pansi pa malo amene zilembo sizikudinda bwino. Akatha kusindikiza, zilembo zonse zinkatsukidwa ndi kubwezeredwa chimodzichimodzi m'timabokosi take. Wophunzira watsopano kawirikawiri ankayambira pamenepa ndi pa tsache, kutola zilembo zogwa pansi, ndipo ndi mmene dzanja lake linkaphunzirira thabwa lija. Ntchitoyi inalinso ndi ngozi yake, pakuti fumbi la mtovu ndi poizoni wolowa m'thupi pang'onopang'ono.

Pali chinthu china chimene chinasiyanitsa ntchitoyi ndi zinzake. Wosoka nsapato angathe kukhala katswiri osadziwa kuwerenga, koma wosanja zilembo ayenera kudziwa kalembedwe ka mawu. Ambiri mwa anyamata a ku Valdocco kwawo ankalankhula chilankhulo cha ku Piedmont, ndipo Chitaliyana cha m'mabuku chinali ngati chachilendo kwa iwo. Tsono makina a Don Bosco sankasindikiza timabuku ta mapemphero tokha. Mu 1869 anayamba kutulutsa mndandanda wa mabuku a alembi otchuka a Chitaliyana okonzedwera ana a sukulu, umene unafika mabuku 204 pofika 1885, ndipo ankasindikizanso mabuku a Chilatini. Mnyamata wosanja Chilatini chimene sakuchimva amalakwitsa pa mzere uliwonse. Motero sukulu ya madzulo, imene kwa ena ikanaoneka ngati chifundo chapadera, kwa osindikiza inali mbali ya luso lenilenilo.

Apa ndi pamene panagona vuto lalikulu. Wophunzira amachedwa, amaononga mapepala, ndipo ola lililonse limene mmisiri wathera pomulangiza ndi ola limene makina sanapange ndalama. Nyumba ya Don Bosco inkadyetsa anyamata mazanamazana ndipo nthawi zonse inali ndi ngongole kwa ophika buledi. Iye mwini anafotokoza atakalamba mmene anavutikira ndi amisiri ochokera kunja. Atawalemba pa malipiro a pa tsiku, ankagwira bwino ntchito yawo koma osasamala ngati anyamata akupita patsogolo. Atawasiyira shopu kuti aziyendetsa ngati yawo, anyamata anasanduka antchito awo wamba, ongopatsidwa mbali ya ntchito imene imabweretsa phindu msanga. Ena ankabisa dala luso lawo kwa anyamata anzeru, poopa kuti mawa adzawalanda malo. Panalinso mikangano yosatha ya zida zotayika ndi zothyoka. Tisafulumire kuwaweruza amisiri amenewa, chifukwa nawonso anali ndi mabanja, ndipo palibe amene ankawalipira chifukwa cha kuphunzitsa. Yankho limene Don Bosco anapeza linali lolera amisiri akeake. M'chipani cha Salesian, chimene anachiyambitsa pa 18 Disembala 1859, munalowa abulazala, amuna olumbira malumbiro a chipani koma osakhala ansembe, ambiri mwa iwo anyamata akale a pa nyumbapo. Bulazala wosindikiza analibe malipiro oti awateteze, ndipo wophunzira akamuposa luso sankataya kanthu.

Kunja nako kunali madandaulo. Mu 1872 eni nyumba zosindikizira a mu Turin anagwirizana zopempha boma kuti litseke makina a nyumba zachifundo, ponena kuti zikuwalanda malonda. Don Bosco anayankha kuti nyumba yake inali ngati nyumba ina iliyonse yosindikizira, kusiyana kwake kunali kwakuti phindu silinkapita m'thumba la bwana koma linkabwerera kwa anyamata osauka omwewo. Makina ake sanatsekedwe. Komabe chilungamo chitikakamiza kuvomereza kuti dandaulo la anthu aja silinali lopanda pake. Munthu wolipira amisiri akuluakulu okhala ndi mabanja sangapikisane mosavuta ndi nyumba imene antchito ake ambiri ndi ana odya, ogona ndi ovala za pomwepo. Ndiponso m'zaka zimenezo malo a ku Valdocco anali mashopu ogwiramo ntchito kuposa sukulu. Mnyamata ankatha tsiku lonse pa ntchito, ndipo maphunziro a m'kalasi ankabwera iye atatopa kale. Chimene chinkamuteteza chinali mtima wa amene ankamuyang'anira, osati dongosolo lolembedwa.

Ntchitoyo inakulirakulira. Mu 1877 anagula fakitale yopangira mapepala ku Mathi, kunja kwa Turin, ndipo m'chaka chomwecho anayamba kutulutsa Bollettino Salesiano, magazini imene ikutulukabe mpaka lero m'zilankhulo zambiri. Anayambanso kupanga zilembo zakezake za mtovu. Mu 1883 wansembe wina wachinyamata wa ku Lombardy, wokonda mabuku, dzina lake Achille Ratti, anacheza ku Valdocco masiku angapo, ndipo anadabwa kuona makina amakono m'nyumba ya ana amasiye. Don Bosco anamuuza kuti pa zinthu zimenezi ankafuna kukhala patsogolo pa onse. Sizinali zodzitamandira chabe. Mnyamata wophunzira pa makina achikale amatuluka ndi luso limene palibe akulifuna.

Chaka chotsatira, 1884, mu Turin munachitika chionetsero chachikulu cha ntchito za dziko lonse la Italy. Don Bosco anapatsidwa chinyumba chakechake, chotalika mamita 55 ndi 20 m'lifupi mwake, ndipo m'menemo anaika ulendo wonse wa buku. Mlendo polowa ankaona nsanza zikusanduka phala, phalalo likusanduka pepala, zilembo zikuumbidwa, anyamata akusanja ndi kusindikiza, ena akupinda, kusoka ndi kuika zikuto, mpaka buku lathunthu pa tebulo logulitsira. Limodzi mwa mabuku amene ankasindikiza pamaso pa anthu linali Fabiola, nthano ya Kadinala Nicholas Wiseman yonena za akhristu oyamba a ku Roma. Lamulungu, tsiku limene anthu ankabwera ambiri, makina onse ankakhala chete, chifukwa mfundo ya pangano la 1852 inkagwiranso ntchito pa mwini nyumba. Oweruza anamupatsa mendulo ya siliva. Iye anaona kuti ntchito ya anyamata ake yachepetsedwa, analemba kalata yodandaula, ndipo menduloyo anaikana. Woyera ameneyu sanali munthu wongolandira chilichonse mwakachetechete.

Chaka cha 1886 chinabweretsa zinthu zitatu zimene zinasintha nkhaniyi. Dziko la Italy linakhazikitsa lamulo lake loyamba la ntchito za ana, loletsa kulemba m'mafakitale mwana wosafika zaka 9, malire amene anakwezedwa kufika zaka 12 mu 1902. Ku America, nyuzipepala ya New York Tribune inayamba kugwiritsa ntchito makina a Linotype a Ottmar Mergenthaler, amene ankaumba mzere wathunthu wa zilembo nthawi imodzi, kotero kuti munthu mmodzi ankagwira ntchito ya osanja angapo. Ndipo msonkhano waukulu wachinayi wa chipani cha Salesian, womaliza umene Don Bosco anautsogolera, unakambirana mwapadera za anyamata a ntchito zamanja. Unagamula kuti maphunziro awo akhale a mbali zitatu, za chikhristu ndi makhalidwe, za m'kalasi, ndi za luso, ndiponso kuti luso liziphunzitsidwa mwa makwerero, kuchokera pa zosavuta kufika pa zovuta, m'malo mongopatsa mnyamata ntchito iliyonse imene yabwera tsikulo. Zimenezi zikutionetsa kuti patatha zaka zoposa 30 chitsegulire shopu yoyamba, iwo eni ankaona kuti ntchito yophunzitsa inali isanalongosoke.

Don Bosco anamwalira pa 31 Januwale 1888 zogamulazo zisanakhazikike. Amene anazisandutsa zenizeni anali Bambo Giuseppe Bertello, amene anayang'anira ntchito zamanja m'chipani chonse kuyambira 1898 mpaka 1910. M'nthawi yake luso lililonse linapatsidwa ndondomeko yolembedwa ya zaka zisanu, yonena zimene wophunzira ayenera kudziwa pa gawo lililonse, pamodzi ndi mayeso. Maola a m'kalasi anawonjezedwa, mwa zina chifukwa malamulo atsopano a boma ankafuna kuti nyumba yosunga ana pa ntchito ionetse kuti ndi sukulu osati fakitale. Anakonzanso zionetsero mu 1901, 1904 ndi 1910, kumene ntchito za ophunzira a m'nyumba zosiyanasiyana zinkayerekezedwa, kuti mphunzitsi waulesi asabisale. Kuyambira pamenepo mashopu aja anayamba kutchedwa sukulu za ntchito zamanja, ndipo dzinalo linali loona. Sukulu ya ntchito zamanja imene a chipanichi amayendetsa ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe ndi mphukira ya mtengo womwewo.

Wansembe wachinyamata uja amene anacheza ku Valdocco mu 1883 anasankhidwa kukhala Papa mu 1922, natenga dzina la Pius XI. Ndiye amene analengeza Don Bosco kukhala woyera pa tsiku la Pasaka, pa 1 Epulo 1934, ndipo mu 1937 anaitana a chipani cha Salesian kuti akayendetse nyumba yosindikizira ya ku Vatican. Wolowa m'malo mwake, Papa Pius XII, anaika Don Bosco kukhala nkhoswe ya osindikiza mabuku achikatolika mu 1946, ndipo mu 1958 anamuikanso kukhala nkhoswe ya achinyamata ophunzira ntchito m'dziko la Italy.